Akazi Anga Atapita ku Zomba

Ndinali telala pa Ntaja. Makina anga ndinkaika pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika, ndipo akazi anga anali namwino pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Yunifolomu yawo yoyera ndinkasoka ndine. Matumba ndinkawakulitsa dala chifukwa mayiwo ankalongedzamo chilichonse, sizasi, thonje, ngakhale mtedza wopatsa ana olira jakisoni.

Sankakonda kudikira odwala pachipatala. Pa masiku a sikelo ya ana ankakwera njinga kulowa m'midzi, n'kubwerako miyendo ili mbuu ndi fumbi. Chinkawawawa kwambiri chinali chakuti azimayi ambiri ankafika nawo mochedwa, atavutika kale kunyumba, chifukwa amuna awo sankawalola kukachirira kuchipatala. Ndiye Lachisanu lina, ife tikutuluka mumzikiti, ndinangoona akazi anga atakhala pansi pa mtengo wa mango, atafunda mpango bwinobwino. Anapempha kulankhula ndi a shehe pamodzi ndi akuluakulu. Analankhula m'Chiyao, modekha, osanyoza munthu. Anafotokoza mmene mayi amatayira magazi ndi zimene iwo angachite akamufikitsa msanga. A shehe anafunsa mafunso ambiri, ndipo sabata yotsatira anatchula nkhaniyo mu ulaliki wawo. Kuyambira pamenepo dzina la anesi linamveka mpaka kutsidya kwa Shire, kwa Kalembo.

Patapita zaka, kunabwera akuluakulu a chipani. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi basi. Sanapite kuchipatala, anabwera pakhonde panga, n'kundiuza kuti akufuna kupereka dzina la akazi anga kuti akhale phungu wa Nyumba ya Malamulo, koma ayambe amva kwa ine monga mwini nyumba. Ndinawauza kuti munthu amene akumufunayo ali ndi pakamwa pake, akamufunse yekha.

Madzulo ake tikudya, akazi anga anandifunsa maganizo anga.

"Bambo a ana, ndikapita, nyumba ino muikwanitsa?"

"Ndiikwanitsa," ndinatero. "Inu kodi mukakwanitsa kukhala chete anthu akamanena zosayenera?"

"Iyayi," anayankha akuseka.

Dzina lawo linadutsa, ndipo ndinawasokera madiresi aatali opita nawo ku Zomba. Ndinawaperekeza mpaka pa Liwonde. Pobwerera ndinagula nsomba zouma za ana, chifukwa kuphika kunali kwanga tsopano, mothandizana ndi mlamu wanga wamkazi. Anzanga a pamsika sanachedwe kundipatsa dzina loti mkazi wa aphungu. Amalume anga anabwera kudzandilangiza kuti ndikwatire wachiwiri woti azindiphikira. Ndinawathira tiyi, n'kuwauza kuti wophika tiyi akumwayo ndine ndipo sindinawamve akudandaula. Nkhaniyo sanaibwerezenso.

Aphungu ambiri masiku amenewo akaimirira ankangothokoza ndi kutamanda. Nawonso akazi anga ankayamba ndi kuthokoza, poti unali mwambo, koma akatha ankapempha. Tsiku lina wailesi ya musitolo ikupereka nkhani za ku Nyumba ya Malamulo, tinamva kuti phungu wa kwathu wanena zoti azimayi a m'dera lake akuberekera m'ngolo panjira, ndipo akufuna nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala. Ogula onse anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinapitiriza kupalasa makina.

M'mawa mwake kunabwera mkulu wina wa chipani, atanyamula buluku loti ndimupindire. Bulukulo linali lomukwana kale. Ndikulipima, anandinong'oneza kuti mawu a dzulo aja sanakomere ena, akuti akuoneka ngati akunena kuti boma silisamala anthu. Anati ndiwauze amayi achepetseko pakamwa, poti tonse tinkadziwa kumene ankapita anthu olankhulalankhula. Ndinaganiza za ana.

Akazi anga atabwera kumapeto a sabata ndinawauza zonse monga ndinazimvera. Anamvetsera akuvula nsapato.

"Sindinanyoze munthu," anatero. "Ndanena zimene ndinaona ndi maso anga, ndipo ena mwa azimayiwo ndinawasambitsa ndekha atamwalira. Akandifunsa ndikanena zomwezo. Koma inu mukati ndisiye, ndimva."

Ndinawauza kuti asasiye. Ndinkawadziwa bwino. Akanasiya, akanadwala ndi mawu osanenedwawo.

Anaitanidwadi kukafotokoza pamaso pa akuluakulu a chigawo. Anavala diresi labuluu, n'kunyamuka m'mawa. Tsiku limenelo sindinasoke kanthu kolongosoka, kolala ya shati ya munthu ndinaiika chagada. Anabwerako dzuwa lisanalowe, ali ndi njala basi. Anati anawafotokozera akuluakuluwo nkhani ya mayi mmodzimmodzi, mudzi wake ndi mmene zinathera, mpaka mmodzi wa iwo anaulula kuti mlongo wake anapitanso chimodzimodzi. Akuluakuluwo anawachenjeza kuti azisankha mawu, n'kuwalola kupita.

Nyumba yodikirira ija inamangidwa, ngakhale inatenga nthawi. Boma linapereka malata ndi simenti, njerwa anaumba ndi anthu a m'midzi, Asilamu ndi Akhristu pamodzi. Makatani ake ndinasoka ine. Pambuyo pake akazi anga anapatsidwa udindo wina wokhudza zaumoyo, ndipo anayenda dziko lonse pagalimoto ya boma. Akafika pachipatala chilichonse ankayamba kuona chimbudzi ndi mpopi asanalowe muofesi, mwakuti anamwino ankati akamva kuti akubwera, ankayamba kukolopa kuseri.

Kenaka chisankho china chitayandikira, dzina lawo silinatuluke. Palibe anatiuza chifukwa, ndipo masiku amenewo munthu sankafunsa. Galimoto inabwezedwa. Ena amene ankadzaza pakhomo pathu anasiya kutipatsa moni. Akazi anga anapuma mwezi umodzi, akulima mpunga kudimba, kenaka anapita kukapempha ntchito yawo yakale ndipo anawalandira. Anagwira mpaka maso atayamba kuvuta, ndipo ngakhale atapuma, azimayi oyembekezera ankabwerabe kunyumba kudzafunsa ngati nthawi yopita kukadikira yakwana.