Cholirima M'kaseti ya Alamu Anga

Alamu anga a Gregorio ndi telala. Mukatsika minibasi pamsika wa Bangwe n'kufunsa telala wa ku Nsanje, aliyense akulozerani khonde limodzimodzi, chifukwa akhala pamenepo kuyambira mutu uli bii mpaka lero wayera mbuu. Anabwera m'tauni pa sitima atasenza mutu wa mashini osokera, miyendo yake anachita kudzagula konkuno. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Mukhoza kuwatukwana, iwo n'kukufunsani ngati thalauza lanulo silikufunika kupinda. Anakwatira achemwali anga a Bernadeta, ndipo ine Clara mpaka lero sindidziwa kuti awiriwo ankacheza bwanji, poti achemwaliwo pakamwa pawo sipankatsekeka.

Koma kuyimba kokha, ee, achemwali anapatsidwa. Ndiwo ankayambitsa nyimbo mukwaya ya kutchalitchi kwathu. Alamu nawo analowako kwayayo nthawi ya chibwenzi, koma sanakhalitse. Nyimbo ikwere, nyimbo itsike, iwo ankangogwira liwu limodzi lapansi, osasuntha. Aphunzitsi a kwaya anawauza mwaulemu kuti Mulungu timamutumikira m'njira zambiri, ndipo kwayayo ikusowa munthu wosoka mayunifolomu. Chichokereni tsiku limenelo palibe anawaonanso atatsegula pakamwa kuti ayimbe.

Achemwali anatisiya mu 2006. Anasiya mwana mmodzi, Rejoice, ndi kaseti imodzi. Kasetiyo alamu anaijambula okha pa kawailesi kawo tsiku la ubatizo wa mwanayo, alendo atabalalika. Muli achemwali akuyimba nyimbo ya Chisena yoperekezera mkwatibwi, yomwe mayi athu ankaikonda. Nyimbo ikatha amaseka, n'kunena kuti, "Aa, inunso bambo a Rejo!" kenako kaseti imati khe. Alamu ankati ankawaseka chifukwa anachedwa kupeza batani lozimitsira.

Mu 2012 Rejoice anapeza banja. Pempho lake kwa bambo ake linali limodzi: mayi ake ayimbe paukwati wake, iye akamalowa muholo. Vuto linali loti anthu a zimbale amene anatengedwa analibe choyikamo kaseti, ankafuna sidi. Komanso kasetiyo inali itatafunidwapo kale ndi wailesi, alamu n'kuilumikiza ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo. Nthawi iliyonse imene inkazungulira, mtima wawo unkakhala m'malere.

Sabata ya ukwatiwo tinapita kwa a Majidi, bambo amene ali ndi kashopu koikira nyimbo m'masidi ndi kutchajitsa mafoni kuseri kwa msika. Ine ndinawaperekeza chifukwa alamu paokha akanangoima pakhomo mpaka dzuwa kulowa. A Majidi analumikiza kawailesi kathu ku kompyuta yawo, n'kutsegula masipika ndi sabuufa yawo, chisipika cha mawu apansi chimene chimagwedeza malata a mashopu oyandikana nawo.

Kaseti isanayambe n'komwe, chinthu chinayamba kulira. Zzzzzz, mmmmmm, zonse pamodzi, ngati njuchi zalowa m'chidebe. Mawu a achemwali atatuluka ankachita kumveka ngati akuyimbira kuseri kwa chigayo.

"A Majidi, chimenechi n'chiyani?" ndinafunsa ine.

"Chaching'ono ichi, mayi. Ndi nthambo."

Anasintha nthambo yochokera kuwailesi. Chinthu chija chinangopitiriza. Anasinthanso ina, ya mtundu wofiira, akuti ndi orijino. Chimodzimodzi. Kenako anati ayi, ndi matchaja, n'kuyamba kuzula mafoni a anthu omwe anali atandandalika pashelefu. Kulirako kunachepa pang'ono, ife n'kuyamba kumwetulira, koma nthawi yomweyo wometa wa shopu yoyandikana nayo anayatsa mashini ake, zzzzz ija n'kubwerera ndi ukali. Magetsi a mzere wonsewo amachokera pa waya mmodzi, ndiye wina akayetsemula uko, kuno masipika amamva.

Ndinapita ndekha kukamuuza wometayo kuti adikire. Anandiyankha kuti munthu wametedwa mbali imodzi. Ndinati amudikiritse, sakupita kuukwati ndi iyeyo. Ndimapsa mtima msanga ine, sindibisa.

Nditabwerako ndinapeza a Majidi atagwada pansi pa tebulo, akuyang'ana soketi. Pamenepo ndiye ndinagwira pakamwa. Kompyuta yonseyo inalibe pulagi. Mawaya awiri osenda anangowalowetsa m'mabowo n'kutsinira ndi timitengo ta machesi, ndipo sabuufa inali pa soketi ina kukhoma la uko.

"Waya wachitatu uja ali kuti?" anafunsa alamu. Aka kanali koyamba kuyankhula chifikireni.

"Wa ethi? Madala, mzere uno ethi tinamuiwala kalekale."

Tsiku limenelo linathera pamenepo. Alamu anatulutsa kaseti yawo, n'kuikulunga m'kansalu, n'kuiyika m'thumba la pachifuwa. Ine mutu unali utazungulira, chifukwa kunyumba kasetiyo pa kawailesi kaja inkamveka bwinobwino, ndiye chinthuchi chinkachokera kuti?

M'mawa mwake a Majidi anachita zamphamvu, ndiwayamikire. Anagula pulagi yeniyeni ya mano atatu. Anakhoma chitsulo kuseri kwa shopu, n'kuthirapo makala osinja, mchere ndi madzi, akuti kuti magetsi otsalira azitsikira m'nthaka. Azimayi ogulitsa tomato ataona bambo wamkulu akuthira mchere pansi anayamba kunong'onezana kuti akukhwimira bizinesi. Kenako anaika kompyuta ndi sabuufa pa ekisitenshoni imodzi, ndipo kawailesi kathu anakachotsa kumagetsi n'kukaika mabatire. Atayatsa masipika kunali zii. Ngakhale wometa uja atayatsa mashini ake, kunali zii. Ndinaomba m'manja.

Anasindikiza batani. Achemwali anayamba kuyimba, mawu oyera ngati ali pakhomo pomwepo, ine misozi n'kulengeza. Koma asanamalize mzere woyamba, sabuufa inayamba: mmmmmm. Zzzz uja anali atapita, koma pansi pa nyimbo panatsala chinthu cholirima, chonenepa, chogwedeza tebulo.

A Majidi anaimitsa kaseti. Chinasiya. Anayatsa. Chinayamba. Anaika nyimbo ina ya m'kompyuta mwawo, inamveka bwinobwino. Anabwerera kukaseti, mmmmmm.

"Iyayi, izi sindinazionepo," anatero akukanda m'mutu. "Kulira kwa magetsi sikudukiza. Koma ichi tamverani, chikumalira, n'kupuma, n'kuyambanso. Pali firiji pafupi pano?"

Anapita kukazimitsa firiji ya mayi wogulitsa mafirizesi. Palibe chinasintha. Anatilamula kuti tonse tizimitse mafoni, tinazimitsa. Anabwereka masipika ena kwa mnzawo, aang'onoang'ono opanda sabuufa, chinthu chija chinasowa, koma atangobwezera sabuufa chinabweranso, ndipo tonse tinkadziwa kuti kuholo kukakhala masabuufa aakulu kuposa amenewa. Apa anthu anali atadzaza pakhomo, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati mutu wa wailesi wadetsedwa, tipukute ndi sipiriti. Wina anati kompyuta ili ndi vairasi. Mayi wina, amene sindimudziwa n'komwe, anati mwina malemuwo sakukondwa ndi mkamwini. Ndinamuyang'ana mpaka anachoka yekha.

Koma mawu akewo anawalowa alamu, ndinaona. Anakhala pa benchi, manja ali pachifuwa pomwe pamakhala kaseti. "Mlamu," anandiuza chapansipansi, "ndikaibwereza kambiri iduka. Ikaduka ndiye kuti Bernadeta wapitiratu. Mwanayu ndikamuuza chiyani?"

Zinandiwawa kwambiri.

A Majidi anati tiyese komaliza, aijambule yonse mukompyuta mmene ililimo, kuti kasetiyo ipume, zotsalazo alimbane nazo pambuyo. Anathamangitsa anthu pakhomo, tinatsala atatu. Nyimbo inayenda yonse, cholirima chija chili pansi pake, mpaka kuseka kuja ndi "inunso bambo a Rejo". Anaisunga mukompyuta, n'kuiyambitsanso kuti timve mmene yalowera. Alamu anatsinzina. Ili pakati, magetsi anathima.

Kompyuta inazima, masipika anazima, mashini a wometa anazima. Koma mmmmmm uja sanazime.

Ine ndi a Majidi tinayang'anana. A Majidi anagwira sabuufa, n'kuzula pulagi, ngati kuti pali chozula magetsi kulibe. Chinkalirabe. Chinapuma pang'ono, n'kuyambanso. Ndinatembenuka pang'onopang'ono kutsatira kumene chinkachokera, ndipo ndinapeza alamu anga ali pabenchi, maso otsinzina, milomo yotseka, mutu ukugwedezeka, akuyimbira m'mphuno liwu lawo limodzi lija anawachotsera kukwaya.

"Alamu!"

Anadzidzimuka, chinthu chija n'kusiya. "Chachitika n'chiyani? Magetsi?"

"Madala," anatero a Majidi, "tsiku mumajambula kasetiyi, wailesi munaiyika pati?"

"Ndinaigwira chonchi." Anaonetsa manja awiri pachifuwa.

A Majidi anakhala pansi penipeni n'kuseka mpaka kutsokomola. Anafotokoza kuti kasipika ka wailesi yathu n'kochepa, sikatha kutulutsa mawu apansi choncho, n'chifukwa chake zaka zonsezi kunyumba sankamveka. Sabuufa ndi imene inawavumbula. Tinavutitsa wometa, tinasungunula mafirizesi a eni ake, tinathira mchere m'nthaka, chikhalirecho cholirimacho tinabwera nacho tokha, chitavala jekete.

Alamu sanaseke. Anakana kaye, akuti iwo sayimba, anasiya kalekale. Kenako nkhope inagwa ndi manyazi. "Ndiye kuti ndinamuonongera nyimbo," anatero. "A Majidi, magetsi akayaka mundichotsemo. Zimatheka?"

A Majidi anati zimatheka, kompyuta imadula mawu apansi. Magetsi atabwera madzulo anadula, n'kutiyimbira. Achemwali anamveka okha, mawu oonda, ngati munthu woyimba m'nyumba imene atulutsamo katundu. Pamapeto panabwera kuseka kuja: "Aa, inunso bambo a Rejo!"

Ndinaona alamu akutsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Si batani," anatero. "Sankaseka za batani. Ankandimva."

"Ankakumvani tsiku lililonse," ndinawayankha, ndipo apa n'kuti ndikulira poyera. "Munamva akukuuzani kuti musiye?"

Anapukusa mutu. Anatulutsa kansalu kokulungira kaseti kaja n'kupukutira m'maso. Kenako anauza a Majidi kuti abwezeretse mmene zinalili.

Loweruka Rejoice analowa muholo mayi ake akuyimba, ndipo pansi pa mawu awo masabuufa ankalirima mpaka mipando kunjenjemera. Mkulu wa zimbale anadzambatuka, n'kuyamba kugwiragwira nthambo zake, thukuta lili kamukamu. Ndinanyamuka ndi chitenje changa cha ukwati, n'kukamugwira dzanja.

"Zisiyeni, achimwene, palibe chaonongeka," ndinamuuza. "Amenewo ndi bambo ake a mkwatibwi."