Kulemera kwa Amayi a ku Phiri

Mundikhululukire polemba izi, ine amene sukulu yanga inathera pa Sitandade 8. Koma nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali.

M'zaka za chipani chimodzi ndinalembedwa ganyu ya kafukufuku ku Kaphuka. Tinkafunsa anthu mmene tsiku lawo limathera: maola a kumunda wa kachewere, a kumadzi, a kunkhuni. Sitinkalowa nyumba zonse. Abwana athu ochokera ku Lilongwe ankalemba nambala pambali pa banja lililonse losankhidwa, yosonyeza kuchuluka kwa mabanja amene banjalo likuwayankhulira. Dzina la nambalayo analitchula m'Chingerezi, ndipo ine ndinalimasulira mosamala kuti "kulemera".

Kumtunda kwa phiri kunasankhidwa nyumba imodzi yokha, ya amayi ena amasiye, choncho nambala yawo inali yaikulu kuposa zonse. Pofuna kuwasangalatsa ndinati, "Amayi, papepala pano inu ndinu olemera kuposa aliyense."

Anaika pansi lichero. "Olemera ine? Wandionera ng'ombe kuti, mwana iwe? Ufuna achinyamata a chipani adzandithere nkhuku pa msonkhano?"

Ndinayesa kufotokoza, koma sanafune kumva.

"Lemba kuti ndimangokhala," anatero. "Mmawa kukhala, masana kukhala."

Ndinalembadi. Sindinaphunzire kutsutsa munthu wamkulu. Potsika ndi pamene ndinazindikira kuti yankholo lidzawerengedwa ngati la amayi onse a kuphiriko, amene ndinkakumana nawo atasenza nkhuni mu chifunga. Onsewo adzaoneka aulesi chifukwa cha liwu langa limodzi.

Ndinakwerako katatu kuti ndikonze yankholo, m'nyengo yozizira, miyendo ikuphwanya. Ankangondiyankha manja ali m'madzi otsukira mbale: "Olemera ali otanganidwa, achimwene." Ulendo wachinayi ndinapita ndi liwu lina. Ndinati, "Simuli olemera, amayi. Mukuimira anzanu, monga amachitira a komiti ku tchalitchi."

"Nanga osanena choncho bwanji?"

Anandiuza tsiku lawo lonse, kuyambira kuwaza nkhuni mpaka kutsekera mbuzi. Pepala silinakwane.

Ndinatsika mothamanga, koma galimoto ya ku Lilongwe inali itatenga kale mapepala akale aja. Abwana analandira latsopanolo, analipinda, n'kuliika m'thumba la jekete. Anati zowerengera zatsekedwa. Sindinafunsenso. Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Julayi, chaka chimene ndinakwanitsa zaka makumi awiri.