Njira Yachidule ya Atate Aang'ono

Kwathu ndi kadera kakang'ono kutsidya kwa mlatho wa Luangwa, kopanda chonyadira. Kumpoto kuli mapiri amiyala osamera ngakhale mawere, kummwera kuli dambo lomwe nthawi yadzinja limameza ng'ombe, ndipo pakati pamadutsa kamsewu kamodzi kodziwa ogula thonje okha. Atate anachokako ali mnyamata, nakalambira m'kanyumba ka boma ku Chilenje, mumzinda waukulu, koma anatilumbiritsa kuti tidzakawaike kumudzi, pafupi ndi amayi awo.

Anatisiya mu Febuluwale, zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wa pamsika. Mng'ono wawo, amene analemera ndi malonda omwewo nasamukira ku Kabulonga, dera la anthu olemera, anatenga maliro onse ngati ake. Munthuyu kwathu ankakukonda ndi pakamwa pokha. Pamowa ankatchula mitsinje ndi mapiri ngati anazilenga yekha, pamene phazi lake linali lisanapondeko chichokereni ali ndi mamina m'mphuno.

Titafika pamphambano, dalaivala wa lole yonyamula malirowo anati tizungulire kumapiri.

"Iwe, ni kwatu kuno," anatero atate aang'onowo. "Niziba shotikati ya pa dambo. Usaniuze va kwatu."

Njirayo ankaidutsa ali mwana, m'chilimwe, pothamangitsa mbuzi. Lole inatitimira mpaka matayala osaoneka. Tinasenza bokosi pamapewa, iwo ali patsogolo, nsapato zosongoka zili m'manja, mpaka pamene ankati ndiye pamudzi. Tinapeza bwinja, mitengo ya mango ndi tsekera basi. Mayi wina amene ankapalira chapafupi anatiuza kuti mudziwo unasamuka kalekale nthaka itaguga. Manda a makolo anali kutsidya kwa mtsinje, adzukulu okumba manda analinso komweko, ndipo mtsinjewo unali utasefukira mpaka m'minda.

Tinadikira kuti madzi aphwe, koma mtembo sudikira. Anthu a kamudzi kena, amene sitinkawadziwa n'komwe, anatimvera chisoni natipatsa malo m'mphepete mwa manda awo. Pamenepo atate aang'ono anaimirira, matope ali mpaka m'mawondo, nalankhula mokoma kuti mkulu wawo wagona m'dothi la makolo ake. Sanachite chibwibwi ngakhale pang'ono. Ndinanyansidwa nawo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero moni wanga amaumva kwa ena.

Tikunyamuka, amayi anandikoka malaya nandinong'oneza kuti, "Kafunse dzina la mudzi uno, mwanawe, tingadzasowe kowapeza atate wako."