Chaka chimene masuku athu anapulumuka nkhwangwa

Ndikukumbukira Okutobala wina ku Mitundu, ndili mu Sitandade 6, utsi wa moto wa osaka mbewa utafiiritsa dzuwa. Aphunzitsi a sayansi, a Kamwendo, anabwera ndi botolo la madzi a laimu ndi kabango, n'kundiuza kuti ndiuziremo. Madziwo anasanduka ngati mkaka.

"Umenewo ndi mpweya wa kaboni," anatero. "Mitengo ikaphuka imaumeza, umachepa mumlengalenga. Masamba akayoyoka n'kumawola, ife n'kumatentha tchire, umachulukanso. Dziko limapuma kamodzi pachaka."

Sabata imeneyo bambo anali atanola nkhwangwa. Ankafuna mphanda za chigafa cha fodya, ndipo diso lawo linali pa masuku a kuseri kwa nyumba, amene zipatso zake tinkachitira nkhomaliro nkhokwe ikapepuka. Madzulo ndinagwada chapatali.

"Bambo, mukadula masuku, dziko lipumira chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amake Feliya, tamvani mwana wanu! Akuti dziko lili ndi mphuno!"

Amayi sanasiye kupeta. "Za mphuno kaya. Koma Disembala akafika, ana awa mudzawadyetsa fodya?"

M'mawa bambo anamanga ngolo, tinapita ku Nathenje kukatenga bulugamu. Njira yonse ankang'ung'udza, fumbi lili m'mano, akunditchula kuti "a Pulofesa". Dzinalo linandikakamira mpaka pa ukwati wanga.

Chaka chatha mdzukulu wanga anandionetsa pa foni mzere wa mpweya womwewo, wokwera ndi kutsika ngati mano a sowo. Anati nkhalango zazikulu za maiko akumpoto ndizo zimautsogolera, koma chaka chilichonse ukuthera pamwamba kuposa kale chifukwa cha mafuta ndi malasha. Ankalankhula ngati nzeruzo zinabwera ndi foni! Ine sinditaya pepala. Ndinamutulutsira mayeso anga a mu Sitandade 6, momwe ndinalemba za kupuma kwa dziko, anangoti kukamwa yasaa.

Lero njinga za makala zimadutsa pakhomo panga kuyambira mbandakucha, ndipo zimandiwawa mtima. Kuchokera pano mpaka kudambo, mthunzi watsala pathu pokha. Ana a eni ake amabwera kudzatola masuku osapempha n'komwe. Ndimawakalipira, inde, koma amachoka matumba atadzaza. Ndimathokoza a Kamwendo pondipatsa mawu oyambira mlandu uja, ngakhale amene anaupambana ndi amayi, lichero lili m'manja.