Chaka Chimene Boma Linandiyesa Mzukwa

Chaka chimene ufa unkasowa m'masitolo, boma linatulutsa pulani yotukula dziko, buku lolemera ngati njerwa. Ndinalowa nalo mu ofesi ndine, poti ndinali mesenjala. M'bukumo analemba kuti m'boma mwadzaza mizukwa, anthu olandira malipiro koma osaoneka pa ntchito. Choncho aliyense anayenera kuonekera yekha pamaso pa owerenga antchito.

Tsiku lowerengalo komboni yathu ya Kanyama yonse inali dziwe, mvula itagwa masiku atatu. Ndinavula nsapato, kupinda buluku, n'kuyenda m'madzi mpaka m'tauni. Ndinapeza owerengawo atapita.

Patatha sabata, abwana anandipatsa kalata yoti ndikapereke. Dzina linali langa. Ndinasaina m'buku kuti ndapereka, ndinasainanso kuti ndalandira.

"Ba bwana, apa balemba ati ndine mzukwa, nchito yasila."

"Ni zoona," anatero, akumwa tiyi amene ndinawaphikira. "Ine nikuonani, koma faelo siikuonani."

"Manje nichite bwanji?"

"Ningalembe kalata yakuti muli moyo. Koma kalata ya boma iyenda na mesenja, ndipo ise tilibe mesenja. Anapezeka mzukwa."

Mkazi wanga anadandaulira mnzake pa mpopi, ndipo mawu anamera miyendo. Mawa lake amayi a kutchalitchi anafika akuimba nyimbo zamaliro. Atandipeza ndikuyanika nsapato padenga, mmodzi anathawa n'kugwera m'ngalande. Enawo anakhala ndithu, poti makala anali atabwera nawo kale.

Mtima unandipsa, komabe ndinkapita ku ntchito tsiku lililonse osalipidwa, kuti mwina faelo indione. Kenako analengeza kuti akufuna mesenjala. Ndinalembera, anandiitana, ndipo wofunsa mafunso anali abwana omwewo.

"Munasebenzapo nchito iyi?"

"Zaka khumi na ziwiri, muno mwamene."

Anatsegula faelo, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuwerenga modekha.

"Izo zaka ni za mzukwa. Imwe simunasebenzepo."

Ntchito anaipereka kwa bambo wina wa ku Matero. Kunena zoona zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Zaka zonse zija ndinkati ndi zanga.

Lolemba abwana ananditumizira mawu kuti ndibwereko. Ndinasita malaya, mkazi wanga anandipukutira nsapato, tonse tikuti faelo yatsegula maso. Abwanawo amafuna ndimuonetse mesenjala watsopanoyo pamene pamakhala masupuni.