Mkaidi Wolankhula Ngati Mlongo Wanga

Amayi atayamba kuvutika maso chifukwa cha shuga, ine ndinasanduka maso awo pa mafilimu. Lamlungu tikabwerako kutchalitchi ndinkakokera mpando wawo pafupi ndi TV m'nyumba yathu ku Tabata, mumzinda wa Dar, n'kuchepetsa mawu ake, ine n'kumafotokoza m'Chichewa zonse zochitika. Mafilimu otanthauziridwa kale m'Chiswahili aja sankawafuna, ati anyamata ake amakuwa ngati makondakitala a daladala, maminibasi a kuno. Ndipo sikuti ndikudzitama, ntchitoyi ndinkaitha. Munthu aliyense wa m'filimu ndinkamupatsa mawu akeake: wapolisi mawu okhuthala, mkazi wamiseche mawu a m'mphuno. Amayi pa TV ankangoona zithunzithunzi, choncho chimene ndanena ine ndiye inali filimuyo.

Ine ndine mwana woyamba. Mlongo wanga ndiye mzime, ndipo amayendetsa lole pakati pa Dar ndi Lilongwe. Kwathu ankatulukira pokhapokha lole ikamadikira katundu kudoko. Amangofika ndi kapaketi ka tiyi wa kumudzi ndi phava la nthochi zogula panjira, basi amayi nkhope yonse ngwee. "Bambo wanga wabwera!" Ine wowasambitsa mapazi, wowaperekeza kuchipatala pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, wodzuka m'mawa kuwaphikira phala lopanda shuga ndisanapite kukasoka, dzina langa linali "iwe". Nsanje ndinali nayo, sindibisa. Mzimayi wamkulu, wa ana angaanga, koma ndikamva "bambo wanga" ija zinkandiwawa.

Ulendo wina anabwera ndi nkhani. Mkazi wake anali atachoka n'kumusiyira ana ang'onoang'ono ku Lilongwe, ndiye ankafuna kutenga amayi. Koma mukuganiza kuti ananena kuti tiyeni mukandilerere ana? Ayi ndithu. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuyamba ndi kamawu kake kofewa kaja: "Amayi anga, kuno kukutentha, mwavutika mokwanira. Tiyeni mukapume kwanu. Inu mukapanda kundimvera chisoni, winanso ndani?" Kupuma kwake kuti! Munthu wosaona bwino, wodwala shuga, akapume pothamangitsana ndi tiana? Amayi anati ayankha lole isananyamuke. Ine ndinadziwa kuti ndikangokhala chete, ndiwataya.

Kukangana naye sindikanatha, pakamwa pake m'potsekemera kwabasi. Ndiye ndinaganiza zomenya nkhondoyi ndi chida chimene ndinkachidziwa. Mkati mwa sabata ndinali nditaonera pafoni filimu ina ya kunja, ya nkhani yochitikadi, ndipo ndinakaikitsa pafulashi kuti Lamlungu tionere tonse atatu.

Nkhani yake ndi ya mwamuna wina amene anamangidwa chifukwa cha umbava. Mayi ake ankapita kukamuona kundende, iye n'kumawalirira kuti akumuzunza, akudwala, afera momwemo. Pang'onopang'ono anawakopa mpaka anavomera kumubweretsera zovala za anthu wamba atazibisa pansi pa chakudya. Ananamizira kudwala, anamutengera kuchipatala, kumeneko anasintha zovala m'chimbudzi n'kutuluka pakhomo ngati wodzazonda matenda. Anakakamiza mchemwali wake kuti amubise kunyumba kwake. Pamapeto pake mchemwaliyo ndi amene anakauza apolisi, ataona kuti mayi awo okalama amangidwa chifukwa cha mwana amene sanafunse n'komwe kuti ali bwanji.

Filimu yake ndi yabwino, ndisaname. Pothawa paja, ngakhale ukudziwa kale kuti atuluka, pamakugwira mtima. Koma inandikwiyitsa penapake. Opanga filimuyo anamukonda mkaidiyo. Anasankha mnyamata wokongola, wa maso achisoni, ndipo kamera inkangokhalira pankhope pake. Mchemwali uja, amene ankasenza banja lonse, ankangomuonetsa ali kukhitchini nkhope ili yokwinya. Kumapeto amaonetsa mchemwali weniweniyo akulankhula, koma asanamalize n'komwe nyimbo yayamba kale. Ndinati olo anthu a kunja matenda ake ndi omwewa, amakonda mwana wolowerera.

Lamlungu linafika. Kunja kunkatentha, fani ikungozungulitsa mpweya wotentha womwewo. Amayi pampando pawo, mlongo wanga pamkeka akudya chinangwa chokazinga cha tsabola, ine chilili pambali pa TV monga mwa nthawi zonse. Mkaidi uja atangotsegula pakamwa kulankhula ndi mayi ake, ndinamupatsa mawu a mlongo wanga. Enieniwo. Kamawu kofewa kaja, kokoka kumapeto, ndi kakupuma kamene amapuma asanapemphe chinthu.

"Amayi anga," ndinatero, "inu mukapanda kundimvera chisoni, winanso ndani?"

Mlongo wanga anasiya kutafuna. Anandiyang'ana, ine osamuyang'ana. Mumtima ndinkati lero ndakugwira. Amayi amve okha mmene bodza limamvekera likamatuluka pakamwa pa mbava, adzizindikire.

Koma inu, zimene zinachitika! Amayi anasendera kutsogolo pampando. Mkaidi akamalira, iwo ankapukusa mutu, "Mayo mwana wa eni." Ndinawonjezera moto, ndinamulankhulitsa mopusitsa kwambiri kuti ngakhale mwana aone chinyengocho. Iwo ndiye misozi m'maso. Atafika potuluka pakhomo la chipatala, wapolisi atayang'ana kumbali, amayi anamenya m'manja pa ntchafu n'kukuwa, "Thamanga bambo wanga, thamanga!" Mpaka aneba a Chitanzania anasuzumira pawindo kufunsa ngati kuli bwino.

Ndinaona kuti ndadzikumbira ndekha dzenje, koma filimu ikayamba siimira panjira. Mchemwali uja ndinamusiyira mawu anga omwewa, osasintha chilichonse, ndipo ndinamulankhulira bwino kuposa mmene opanga filimu anamuchitira. Ndinafotokoza kutopa kwake, ndinafotokoza kuti palibe anamuthokozapo. Atanyamula foni kuti aimbire apolisi, amayi anatsonya.

"Mfiti iyi," anatero.

Filimu itatha, mwambo wathu unali woti aliyense anene maganizo ake, ndipo nthawi zonse ndinkayamba ndine. Ndinalankhula mtima uli m'mwamba. Ndinati mwamunayu ndi tambwali, anagwiritsa ntchito mayi ake ngati makwerero, atakwera n'kuwakankhira pansi. Ndinati munthu yekhayo wachikondi m'banja lija anali mchemwali uja, koma onani mmene amuchitira. Mlongo wanga anaseka, akupukuta tsabola m'manja. "Achemwali, koma mumatha. Mkaidi uja ndinangotsala pang'ono kumupatsa moni."

"Khala chete iwe," ndinatero. "Amayi, inu mwaiona bwanji?"

Amayi anakonza kaye mpango wawo. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Iwe, ukuganiza kuti sindinamve? Anafa ndi maso, makutu alipo. Mawu a mwana wanga ndingawasokoneze ine?"

Ndinati ndiye ngati mwamva, mwaonatu kuti akukupusitsani.

"Ndikudziwa," anatero. "Mayi wa m'filimu uja nayenso ankadziwa. Ukuyesa ankaika zovala pansi pa chakudya osadziwa chimene akuchita? Uyu akufuna wolera ana, ndinamva tsiku loyamba lomwe. Koma wandipempha. Wakhala pansi apa n'kundipempha. Iwe unandipemphapo chiyani? Umandisambitsa, umandidyetsa, umandionerera mpaka filimu. M'nyumba muno ine ndine katundu wosamalidwa bwino. Uko kuli ana amene akufuna munthu."

Mlongo wanga nayenso kuseka kunamuthera, anangoweramitsa mutu. Amayi anali atanditsegulira khomo, ndinaliona bwinobwino. Ndikanangokhala pamkeka paja n'kunena kuti amayi musapite, ine sindingathe popanda inu, mwina akanakhala. Ndipo sichikanakhala chinyengo, chinali choonadi. Masana onse ndinali nditalankhula mawu opempha m'malo mwa mbava ya kudziko la eni, mokoma mpaka kuliza munthu. Koma kuti ndiwanene ndi mawu anga, mlongo wanga ali pomwepo akumvetsera, zinandikanika. Ndinaona ngati ndikatero ndafanana naye.

"Mankhwala anu ndikulongedzerani," ndinatero. "Ndilemba pa botolo lililonse nthawi yomwera."

"Waona?" anatero amayi, motsitsa mawu.

Lole inapakira katundu mkati mwa sabata yomweyo. Ndinawaperekeza pa bajaji mpaka pamalo oimika malole, chikwama chawo chili pamiyendo panga. Panjira ndinkawauza za zakudya zoti asadye, iwo akungovomera. Titafika, mlongo wanga anatsika akumwetulira, anandipatsa moni waulemu ngati palibe chinachitika. Chitseko cha lole chili m'mwamba, ndiye anawanyamula amayi m'manja n'kuwakweza, iwo akuseka ngati kamtsikana, akumukalipira kuti awagwetsa. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve kwa zaka zambiri, ndipo kunandipweteka kuposa ulendowo.

Atakhazikika pampando anasuzumira pansi, maso awo akundifunafuna pakati pa anthu. Ankayang'ana mbali yolakwika. Anadikira ndithu, dzanja lili pawindo, injini ikulira. Ine ndinali pompo, pafupi ndi tayala, ndipo ndikanangoitana kamodzi akanatembenuka. Ndinauza mlongo wanga kuti aziima pafupipafupi chifukwa miyendo yawo imatupa, iye anati chabwino achemwali, n'kutseka chitseko.