Tadala wadya zam'kati ku Scotland

Moni nonse pabanja, ndine Esinati kuno ku Bolton.

Abale inu, tangofika kumene kuchokera ku Scotland, ine, bambo a Tadala ndi Tadalayo. Dziko lokongola koopsa! Mapiri ake ngati a kwathu ku Dedza, nkhungu ili tolo, nkhosa zili mbwee m'phiri monse popanda ndi mbusa yemwe.

Koma nkhani ili pa chakudya. M'mawa uno mayi wa nyumba imene tinagona watipatsa chakudya chawo chotchuka, dzina lake hagisi. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza mwamanyazi kuti ndi chiwindi, mtima ndi mapapo a nkhosa, zogayagaya n'kuphikira m'chifu. Ine kuseka! Ndati, "Mayi, kwathu zimenezi timalimbirana."

Tsono mukumukumbukira Tadala chaka chatha ku Dedza? Azakhali anamuphera mbuzi, anamukulungira nthumbwana ndi manja awo, mwana n'kutseka mphuno anthu akuona. Ine manyazi ake sanandichokebe.

Lero mwana yemweyo wapukuta mbale, n'kuikweza m'mwamba: "More please, Mum!" Bambo ake anatsamwa ndi tiyi, ine ndikuwaponda phazi pansi pa tebulo kuti asaulule. Pobwerera, m'sitima monse Tadala amangoti ndizikamuphikira hagisi kunyumba.

Ndiye ndithandizeni maganizo. Ndimuuze zimene wadya, kapena tikhale chete mpaka Disembala, azakhali adzamuphikire nthumbwana zija n'kumuuza kuti ndi hagisi wa ku Dedza?